Loweruka Limene Makina Anadzuka Okha

Ngakhale anali atagwira ntchitoyo zaka zambiri, a Kachipewa akafika m'chipinda cha maseva, makompyuta aakulu a kampani, ankayamba aima kaye pakhomo, ngati munthu amene wafika pakhola la eni. M'chipindamo munkazizira chilimwe ndi dzinja lomwe, n'chifukwa chake sankavula kachipewa kawo kaubweya, ndipo dzina linachokera pomwepo. Mabokosi akuda achitsulo anali ataima m'mizere iwiri, akung'ung'udza chapansipansi ngati njuchi mumng'oma. Sanali ambiri ayi. Koma m'kati mwa mabokosi ochepawo munkakhala makompyuta mazanamazana opanda thupi, oti sungawagwire, sungawapukute fumbi. Anzawo a pantchito ankawatchula kuti maviemu. A Kachipewa ankangoti ziweto zanga.

Kampaniyo inali yonyamula ndi kusunga katundu, ndipo inali ndi nthambi zambiri. Makina ena ankauza madalaivala a malole kokatsitsa katundu. Ena ankatsegula zipata za nyumba zosungiramo katundu. Ena ankangonyamula makalata kuchoka pa desiki iyi kupita pa desiki iyo. Ndiye panali makina amodzi aakulu amene onsewo ankadalira, osunga chilichonse chimene kampani inkadziwa. Amenewo a Kachipewa ankawatchula kuti nkhokwe.

Loweruka limodzi pamwezi, maofesi ali chotseka, a Kachipewa ankabwera okha kudzaika zigamba. Opanga mapulogalamu akapeza pobooka poti akuba angalowerepo, ankatumiza chigamba. Ntchito ya a Kachipewa inali kuzungulira makina onse, amodziamodzi: kuwajambula mmene alili kuti zikavuta abwerere pomwepo, kumata chigamba, kuwagoneka, kuwadzutsa, n'kuwayang'ana ngati adzuka bwino. Ankayamba m'mamawa, n'kumaliza dzuwa litapendeka, khosi litauma ngati mtengo. Sanadandaulepo. Ankati ziweto zimadziwa dzanja la mwini wake.

Kunyumba, akazi awo maso anali atachita ng'ala. Inayamba pang'onopang'ono. Poyamba anasiya kulowetsa ulusi pasingano, kenako anasiya kuwoloka msewu okha, ndipo tsopano ankazindikira anthu ndi mawu basi. Tsiku lina madzulo a Kachipewa anawapeza atakhala pakhonde, akupinda zovala ndi manja odziwa okha, nkhope atalozetsa kumene kunkachokera kuwala.

“Mwafika, bambo a ana? Ndamva kakokedwe ka phazi lanu lakumanzerelo.”

“Ndafika. Mwaswera bwanji?”

“Ndaswera. Achipatala aimba. Adokotala a maso aja abwera sabata ino, ndipo akachoka sabwera msanga. Ati andichita opaleshoni Lachisanu, diso lakumanja kaye. Bandeji adzamatula Loweruka m'mawa.”

“Loweruka liti?”

“Kodi kwanu sabata imakhala ndi Loweruka lingati?”

A Kachipewa anakhala pansi, navula nsapato. Linali Loweruka la zigamba.

“Ndikudziwa zimene mukuganiza,” anatero mayiwo, akusalaza malaya pamwendo. “Ine sindinapikisanepo ndi akazi anzanga a m'firiji aja. Tsiku la ukwati wa mwana wa achimwene munafika anthu akutsuka mbale, ndinakhala chete. Koma ulendo uno ndikupemphani chimodzi. Akamadzachotsa nsaluyo, mudzakhale mutaima patsogolo panga. Ndatopa kukuonani ngati chitsa m'nkhungu.”

M'mawa mwake a Kachipewa anakagogoda kwa abwana. Abwanawo anali munthu wabwino mtima, koma anamvetsera akupukusa mutu.

“Achikulire, ukanakhala mwezi wina uliwonse ndikanati pitani, tidzaona Loweruka linalo. Koma pobooka pa ulendo uno akuba akupadziwa kale, akungoyesa zitseko. Sitingadikire. Nanga sikiripiti ija mwakhala mukundilonjeza chaka chonse ili pati?”

“Ili m'mutu, bwana.”

“Itsitseni m'mutumo. Ikagwira bwino pa makina oyeserera, Loweruka pitani kuchipatala, a Nthambo adzakhala pano n'kudina batani. Ikakanika, mudzabwera nokha ngati kale. Pamenepo ndilibe mawu ena.”

A Nthambo anali mayi woyang'anira netiweki, misewu yolumikiza makompyuta, wa msinkhu umodzi ndi a Kachipewa, wamkamwa mosagona ntchentche. Desiki yawo inali pafupi, yodzaza mawaya a mitundumitundu.

“Ine ndimadziwa misewu, achimwene, ziweto zanuzi sindizidziwa,” anatero atamva. “Batani ndidzadina, sikirini ndidzayang'ana. Koma pakadzangofiira, ndidzakuimbirani, ndipo mudzabwera mukuthamanga, kachipewa kali m'manja.”

Sikiripiti ndi malangizo olembedwa mzere ndi mzere, amene kompyuta imawerenga n'kuchita yokha popanda dzanja la munthu. A Kachipewa anali atalembapo ting'onoting'ono, toyeretsa apa ndi apo, koma ntchito yonse ya Loweruka anali asanaiperekepo kwa mawu. Anakhala pansi, natsinzina, n'kuyamba kuyenda ulendo wawo wa mwezi ndi mwezi m'maganizo. Akakumbukira chimene dzanja limachita, ankachilemba. Jambula. Mata chigamba. Goneka onse amene amadalira nkhokwe. Goneka nkhokwe. Dzutsa nkhokwe. Ikayaka, dzutsa enawo gulu ndi gulu. Gulu lililonse likadzuka, tumiza uthenga pafoni. Anadabwa kuona kuti ntchito imene inkawadyera tsiku lathunthu inakwana pamasamba ochepa, ngati munda wonse wakololedwa n'kukwana m'thumba la malaya.

Kenako anapanga makina oyeserera. Chimenechi ndicho chinkawachititsa nthumanzi nthawi zonse. Ankangolamula, ndipo khola lachiwiri linkabadwa, lofanana ndi loyamba mpaka timabala, m'kanthawi koti munthu amange chingwe cha nsapato. Kumudzi kwawo ng'ombe inkatenga miyezi kuti ibereke mwana mmodzi. Pano khola lonse linkabereka khola linzake, mabokosi achitsulo aja osasintha ngakhale kaliridwe.

Anadina batani.

Pasikirini mizere inayamba kuthamanga. Makina anajambulidwa, zigamba zinamatidwa, onse anagona. Nkhokwe inayaka, kachizindikiro kake kanabiriwira. Gulu loyamba linadzuka, n'kugwa. Lachiwiri chimodzimodzi. Posakhalitsa sikirini yonse inali psuu, ngati munda wa tsabola.

“Ee, mwapha zonse?” anatero a Nthambo atasuzumira. “Mwayi wake ndi zoyeserera.”

A Kachipewa anabweza makinawo pamene anawajambula paja, nawerenga sikiripiti kuyambira pamwamba mpaka pansi. Panalibe cholakwika. Anayesanso, zinafiiranso. Ndiye anachita ntchito yomweyo ndi manja, mwa ndondomeko yomweyo, ndipo makina onse anadzuka bwinobwino, ali gwa. Anayesanso sikiripiti, psuu. Tsiku linatha choncho, linzake linathanso choncho. Anasintha ndondomeko ya magulu, anafunsa m'mabuku a opanga mapulogalamu, anakayikira ngakhale mawaya a a Nthambo, mpaka mayiwo anawaloza ndi sikuludalaivala.

“Misewu yanga muisiye. Makinawa akukudziwani fungo basi. Mudzasiye kachipewako pampando Loweruka, mwina adzayesa ndinu.”

Kunyumba akazi awo sanafunse kanthu. Anangoti, “Phazi lija lero mukulikoka kwambiri,” n'kupitiriza kulongedza kachikwama kakuchipatala, akupapasa chinthu chilichonse asanachiike.

Lachinayi m'mawa a Kachipewa anali atayamba kale kukonza mawu okawauza akazi awo kuti Loweruka sadzapezeka kuchipatala. Mawu ake sankabwera. Anakhala akuyang'ana sikirini yofiirayo, manja ali pachibwano. A Nthambo anakoka mpando wawo, nakhala kumbuyo kwawo, atapinda manja.

“Chitaninso ndi manja, achimwene. Ine sindiyankhula, ndingokuonerani. Musandifotokozere kanthu. Chitani ngati ndi Loweruka ndipo muli nokha.”

“Ndachita kale kangapo, achemwali.”

“Munkachita ndinu, wokuonerani panalibe. Tiyeni.”

A Kachipewa anayamba. Anajambula, anamata zigamba, anagoneka onse. Anadzutsa nkhokwe. Kachizindikiro katabiriwira, anakankhira mpando kumbuyo, natenga kapu yawo yothyoka chogwirira, n'kuimirira.

“Mukupita kuti?”

“Kukateleka ketulo. Mumwa nawo?”

“Khalani kaye pansi. Mwanyamukiranji pamenepa?”

“Aa, ndangomva ludzu.”

“Dzulo mutachita ndi manja munanyamuka pomwepa. Dzana munanyamuka pomwepa, mpaka munandipondera waya. Loweruka mumamwa tiyi nthawi yanji?”

A Kachipewa anayang'ana kapu imene inali m'manja mwawo ngati wina wawagwiritsa ali m'tulo.

“Nkhokwe ikangoyaka,” anayankha motsitsa mawu. “Ndimati ntchito yovuta yatha, ndipume kaye.”

“Zaka zonsezi?”

“Zaka zonsezi.”

“Nanga m'sikiripiti mwanumo tiyi alimo?”

Munalibe. Akanamulemba bwanji? Iwo ankayesa tiyi ndi kupuma, osati ntchito. Koma tsopano zinawaonekera zonse poyera. Nkhokwe ikayaka, kachizindikiro kankabiriwira msanga, koma m'kati inali isanadzuke kwenikweni. Inali ngati munthu amene watsegula maso koma akadali pamphasa, akufunafuna nsapato. Inkayenera kaye kusanja zonse zimene inasunga, kuika chilichonse pamalo pake. Makina enawo akadzuka nthawi imeneyo, ankathamangira kukagogoda kunkhokwe, osayankhidwa, n'kugwa pakhomo pomwepo. Sikiripiti inalibe ludzu. Inkangoona kubiriwira n'kudzutsa onse nthawi yomweyo. Kwa zaka zonsezo, chimene chinkasunga malole, zipata ndi makalata a kampani yonse chinali ketulo yakale ya m'kakhitchini ka ofesi, yochedwa kuwira, imene aliyense ankaitukwana.

A Nthambo anaseka mpaka kupukuta misozi ndi mpango.

“Chikhala kuti abwana anatigulira ketulo yatsopano ija timapempha, bwenzi kampani itagwa kalekale! Basi, lembani kuti sikiripiti idikire mpaka madzi awire.”

“Ayi, dikirani.” A Kachipewa sankaseka. “Nkhokwe siidzuka mofanana. Mwezi wa katundu wambiri imachedwa. Nanga ketulo inkadziwa bwanji?”

“Pitani mukapange tiyiyo, tione.”

Anapita, nabwera ndi kapu ikufuka nthunzi. Anakhala pansi. Anayandikitsa kapu kukamwa, n'kuyamba kuuzira. Anauzira, anauziranso.

“Imani pomwepo,” ananong'ona a Nthambo. “Osasuntha mutu. Maso anu ali pati?”

Maso anali pakona ya sikirini, pamene kamzere kosonyeza kutanganidwa kwa nkhokwe kankadumphadumpha ngati dzombe. A Kachipewa anali asanadziwepo kuti amakayang'ana. Kamzereko kakamadumpha, iwo ankauzira tiyi. Kakagona pansi, tiyi ankakhala kuti wazizira, ankamwa kamodzi, n'kuika kapu, dzanja n'kupita pa kiyibodi. Anakhala choncho, kapu ili m'mwamba, mpaka kamzereko kanagona. Ndipo anaona dzanja lawo lomwe likutsitsa kapu lokha, osalituma.

Ankaganiza za bambo awo, amene ankati akafika kumunda ankayamba atola dothi n'kulifikisa m'manja akucheza nkhani zina, ndipo ukawafunsa chifukwa ankati palibe, ndi chizolowezi chabe. Kodi m'thupi la munthu mumakhala zinthu zingati zimene mutu sunauzidwe?

“Achemwali,” anatero pomaliza, “ndimayesa ndimadziwa ntchito yanga. Kani ntchito ndi imene imandidziwa ine.”

“Zaumulunguzo mukanene kunyumba. Lembani, nthawi ikutha.”

Sanalembe za ketulo. Analemba kuti nkhokwe ikayaka, sikiripiti iifunse kafunso kakang'ono, koti yankho lake lili m'kati mwenimweni mwa zosungidwa. Ikapanda kuyankha, idikire pang'ono, ifunsenso. Izifunsa modekha, osatopa, osadzutsa wina aliyense, mpaka nkhokwe iyankhe bwino. Ndipo ikadzachedwa mopitirira muyeso, sikiripiti iime, isakhudze kanthu, iitane munthu. Inali mizere yochepa chabe. Ataiwerenganso anaona ngati akudziyang'ana okha pagalasi, atakhala pampando, akuuzira tiyi.

Anaitana abwana. Atatuwo anaima kumbuyo kwa mpando wopanda munthu, ndipo a Nthambo anadina batani.

Makina anagona gulu ndi gulu, ngati nyale za m'mudzi zikuzima. Nkhokwe inayaka. Kenako panalibe chochitika. Pansi pa sikirini pankangotuluka kamzere kamodzi, kenako kena: ndafunsa, sinayankhe, ndafunsa, sinayankhe. Abwana anayang'ana a Kachipewa. A Kachipewa anagwira mpando mwamphamvu kuti dzanja lisapite pa kiyibodi.

Yayankha.

Ndiye kubiriwira kunayamba. Kunayambira pamwamba kumanzere, n'kumatsika, mzere ndi mzere, ngati madzi akulowa m'munda wothirira, kudzaza khwawa ili, kusefukira m'linzake. Makina amene a Kachipewa ankawadzutsa amodziamodzi, kuwaitana ndi dzanja mpaka dzuwa kupendeka, anali kudzuka makumimakumi, aliyense kupita kunkhokwe, kuyankhidwa, n'kuyamba ntchito yake. Pampando panalibe munthu. Kiyibodi inali phee. A Kachipewa anavula kachipewa osadziwa, nakagwira pachifuwa.

“Mayo ine,” anatero a Nthambo, nthabwala zitawathera. “Mawu okhaokha?”

“Mawu okhaokha.”

Abwana anatsokomola. “Yesaninso kangapo mpaka madzulo. Zikakhala chonchi, Loweruka ndisakuoneni kuno.”

Lachisanu opaleshoni inayenda bwino. Mayiwo anagona kuchipatala, diso lakumanja litamatidwa bandeji yoyera, akudandaula kuti pilo ndi wowuma. Loweruka m'mawa a Kachipewa anafika atavala malaya ositidwa, mutu uli pambalambanda. Anakhala pabenchi la m'khonde pamodzi ndi anthu ena odikira abale awo, foni ili m'manja. Uthenga woyamba unali wa a Nthambo: ndadina, pempherani. Kenako foni inayamba kunjenjemera yokha. Ajambulidwa. Zigamba zamatidwa. Gulu loyamba lagona. Lachiwiri lagona. Uku kunali kukhola lenileni tsopano, la malole enieni ndi zipata zenizeni. Nkhokwe yagona. Nkhokwe yayaka.

Foni inakhala chete.

A Kachipewa anadziwa kuti ndi nthawi yofunsa ija. Anadikira. Bambo wina amene anakhala pambali pawo anawafunsa ngati nawonso abwera ndi mayi awo, iwo anayankha zosamveka. Nthawi imene inatenga pa makina oyeserera inakwana, n'kupitirira. Nkhokwe yeniyeni inali yodzaza kuposa yoyeserera, anadziuza choncho. Pazenera ankaona matakisi ataima kunja kwa geti. Akanathamanga, akanafika ku ofesi msanga ndithu. Mwendo wakumanja unali utayamba kale kuimirira.

“Amuna awo a mayi a pabedi lapazenera!” anaitana anamwino ali pakhomo. “Adokotala afika, lowani.”

A Kachipewa anayang'ana foni kamodzinso. Inali zii. Anaiika m'thumba la malaya, nalowa.

Akazi awo anali atakhala m'mphepete mwa bedi, miyendo ikulendewera, manja ali pamaondo ngati mwana wasukulu. Anamwino anali atakoka katani kuti kuwala kuchepe.

“Bambo a ana?”

“Ndili pano.”

“Pano pati? Bwerani patsogolo penipeni. Adokotala, pepani, mukamatula mupatuke msanga, nkhope yanu ndidzaiona pambuyo.”

Adokotala anaseka, nayamba kumatula pulasitala pang'onopang'ono, kuyambira pachipumi. Anachotsa bandeji, napukuta chikope ndi thonje lonyowa, napatuka. A Kachipewa anawerama, manja atagwira maondo.

Chikope chinagwedezeka, chinatseguka pang'ono, chinatsekanso. Misozi inatsika. Chinatsegukanso. Diso linayendayenda ngati likufuna pokhala, kenako linaima pa iwo. A Kachipewa anali ataiwala mmene zimakhalira kuyang'anidwa ndi mayiwo. Kwa zaka zingapo maso amenewo ankangodutsa pambali pa khutu lawo. Tsopano diso linali pa iwo ndendende, lakuda, lonyezimira, likuyenda kuchoka pachipumi kupita kuchibwano mosafulumira.

“Iii,” anatero mayiwo chapansipansi. Anakweza dzanja, nagwira tsaya la amuna awo. “Ndevu zonsezi zayera liti? Bwanji osandiuza?”

“Ndimati ndikuuzeni mukachira.”

“Ndi tsitsi m'makutu! Anamwino, taonani, munthu ndimayenda naye m'misewu ameneyu.”

Ankaseka uku akulira, osachotsa dzanja. Pachifuwa pa a Kachipewa, m'thumba la malaya, foni inanjenjemera kamodzi. Inanjenjemeranso. Kenako inayamba kunjenjemera motsatizana, gulu ndi gulu, mofewa, ngati kamwana ka nkhuku kali m'thumba. Sikunali kulira kwa kuitana. Sanaitulutse. Anangotseka maso pang'ono, naona m'maganizo chipinda chozizira chija, mpando wawo uli wokha, kubiriwira kukutsika.

“Mukunjenjemera, bambo a ana?”

“Si ine. Ndi ziweto zikudzuka.”

“Zokha?”

“Zokha.”

Mayiwo anagwedeza mutu, koma diso lawo linali litachoka kale pa iwo. Linali kusuzumira pamwamba pa phewa lawo, pampata umene katani inasiya. Kunja, kuseri kwa khitchini ya chipatala, wina anali atayanika mabulangete ndi nsalu za pabedi pachingwe, ndipo mphepo inkazitukula n'kuzisiya.

“Chabwino, ndakuonani, mwakwana,” anatero. “Tasunthani pang'ono, mukunditchinga. Chofiira icho n'chiyani?”

A Kachipewa anasuntha, nakhala pabedi pambali pawo.

“Ndi bulangete.”

“Bulangete limafiira choncho? Nanga chachikasucho?”

“Ndi ndowa.”

“Ayi, ndowa siingakongole choncho. Anamwino, takokaniko katani pang'ono pokha. Pang'ono pokha, mwanangu, sindiuza adokotala.”